Mayi Seraphine Lazare ndi Phwando Losambitsa Mwana

Akhristu anzanga a pa Anna Woyera, mwala wa pamanda a mayi Seraphine Lazare tinauimika m'chilimwe chathachi, ndipo bambo mfumu akhala akundikakamiza kuti moyo wa mayiwa ulembedwe m'kanyuzi kathu ka parishi anthu asanayambe kuthiramo mchere wawo. Ndavomera. Amene muone kuti penapake ndaphonya, mudzandikonze pakhomo la tchalitchi maso ndi maso, osati kuseri.

Seraphine anabadwa m'chaka cha 1937 kumsasa wowambira nsomba, kumtunda kwa nyanja yathu ya Sasbun, nsomba za samoni zili mkati mokwera mtsinje. Mayi ake anali a fuko la Achule, ndiye nayenso anali Chule, poti fuko munthu amaliyamwa kubere. Bambo ake anali a Chimbalangondo. M'nyumba mwawo kolona ankapemphera m'chinenero chathu, mayi akutsogolera manja ali kalikiliki kutumbula nsomba, moti kamtsikanako kanakula kakuganiza kuti Maria ndi mzimayi wa ku Sasbun konkuno, wonunkhira utsi ngati amayi ena onse.

Atakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, lole inabwera kudzatenga ana kupita nawo kusukulu yogonera komweko ija. Za sukulu imeneyo sindichulutsa gaga m'diwa. Ambiri a inu zipsera zake muli nazo, ndipo Mpingo wathu unalakwa pamenepo, tisabise. Anamumeta tsitsi, anamukwapula m'manja chifukwa cholankhula chinenero cha mayi ake. Anzake ambiri atatuluka kumeneko sanapondenso m'tchalitchi, ndipo ndani angawadzudzule? Koma iye anabwerera. Atakalamba, achinyamata akamufunsa kuti zinatheka bwanji, yankho linali limodzi: "Anandimenya ndi anthu. Maria sanandikwezerepo dzanja. Ndimusiye mnzanga wakale chifukwa cha alendo?"

Anakwatiwa ndi Moise Lazare, munthu wofatsa wa kufakitale yocheka matabwa. Mphatso ya mwana sanaione, ndipo zinkawawawa mumtima ngakhale pagulu sankadandaula. Manja awo ndiwo sankakhala chete. Chikopa cha musi, chinyama chachikulu chija cha m'nkhalango mwathu, ankachipala, kuchinyika m'bongo wa nyamayo, kuchifinya, kuchifukiza ndi chikuni chofumbwa mpaka chifewe ngati tsaya la khanda, kenako n'kusoka nsapato za mikanda. Lamulungu lililonse m'nyengo yachisanu, ife tikapeza m'tchalitchi muli mofunda bwino, tinkangoyesa kuti n'chilengedwe. Ayi ndithu, anali mayi Seraphine amene ankalawirira kudutsa m'chipale chofewa chofika m'mawondo kudzakoleza mbaula. Ansembe akalephera kufika, mapemphero ankatsogolera ndi iwo. Wodwala akasowa womuyang'anira, ankapezeka ndi iwo. M'kwaya ndimo munali kamtanda kawo: mayi Veronique a fuko la Chimbalangondo, a mawu akuthwa ndi lilime lakuthwa kuposa mawuwo. Awiriwa ankaimba nyimbo imodzi, koma aliyense ndi liwiro lake.

Mayi Seraphine anali ndi mng'ono wawo, mzime, dzina lake Philomene, amene anakwatiwa ndi Duncan, mlongo wawo wa mayi Veronique omwewo. Masamba akuyoyoka m'chaka cha 1979, khanda lawo, Jolene, linadwala chifuwa. Philomene analisiya m'manja mwa mkulu wake kuti akagule mankhwala kutauni. Basi kuno kunalibe, monga mukudziwa. Anakaima pamphambano ya msewu waukulu n'kukweza chala kupempha lifiti, mmene tonse tinkachitira. Mpaka lero sanabwere.

Apolisi atauzidwa anangoti, "Atsikana anuwa ndi oyendayenda, akatopa abwera." Ha! Mayi woyamwitsa, mkaka ukuchucha, ayendeyende kupita kuti? Mudzi wonse unasakasaka m'mbali mwa msewu mpaka chipale chinakwirira zonse. Mtembo panalibe, ndiye maliro panalibe, manda panalibe. Duncan analowerera mowa, ndipo pasanapite nthawi mtengo unamugwera kunkhalango. Jolene anatsala ndi mayi ake aakulu, amene anamulera ngati wobala okha.

Chisoni chimenechi mayi Seraphine sanachikhalire pansi. Anaumiriza Moise kuwaphunzitsa galimoto, mipanda ya anthu ingapo n'kugwa pophunzirapo, ndipo mtsikana aliyense wofuna kutauni ankamuuza kuti, "Usakaime pamsewu paja. Dzandigogodere, ngakhale ndili pakati pa kolona. Maria adikira." Akapeza wina ataima pamphambano, ankaimika galimoto n'kutsegula chitseko: "Kwera, iwe, usanandipsetse mtima." Amayi ambiri amene mukuwerenga kanyuzi kano munakwerapo galimoto imeneyo, ndipo ulaliki wa m'njira munaumva.

Jolene anakula wanzeru, wanthabwala, wa manja aluso pa mikanda. Koma mwana amene mayi ake anamezedwa ndi msewu amakhala ndi dzenje mumtima, loti tiyi ndi buledi wathu wa banoki sizingalikwirire. Atafika zaka makumi awiri anapita ku Vancouver kukafuna ntchito. Poyamba ankaimba foni, kenako mwa apo ndi apo, kenako zii. Moise anamwalira, iye osabwera. Agogo ake obala Duncan anamwalira, osabweranso. M'malo mwake kunkabwera nkhani, ndipo wozinyamula kusitolo kukazitula kuholo anali azakhali ake enieni, mayi Veronique.

Kawiri konse mayi Seraphine anakakwera basi kutauni ulendo wautali wa ku Vancouver, thumba la nsomba zouma lili m'manja, n'kumayenda m'misewu ya mzindawo akufunsa aliyense wa nkhope ngati yathu. Ulendo wachiwiri anamupeza. Jolene anabisa nkhope m'manja.

"Amayi, musandiyang'ane. Bwererani."

Iwo anamuikira nsombazo pamiyendo. "Chitseko sindikiya," anatero. Anabwerera okha, akulira njira yonse, ndipo kuyambira pamenepo sanakiyedi.

Patapita zaka zambiri, chipale chikusungunuka m'chaka cha 2011, Jolene anakankha chitsekocho. Anali atawonda ngati bango. Mayi Seraphine sanafunse funso ngakhale limodzi, anangotereka ketulo.

Koma kubwera kumudzi ndi kwina, kulandiridwa ndi kwina. Akalowa m'sitolo, macheza ankaduka. Akakhala pa benchi m'tchalitchi, anzake ankapeza chifukwa chosunthira. Tsiku lina kunali balhats, phwando lathu la mafuko, ndipo mayi Seraphine anamunyengerera kuti apite nawo. Wandodo, amene amaitana mayina pakhomo ndi kulozera aliyense mpando wake, atamuona anadodoma, ndodo ili m'malere, ndipo chakumbali ya Achimbalangondo wina anaseka. Jolene anatembenuka n'kutuluka.

M'mawa mwake mayi Seraphine pochokera kofukiza chikopa anamupeza pakhonde, chikwama chili paphewa.

"Ulendo wa kuti?"

"Kumphambano."

"Ukatani kumphambano?"

"Amayi, tisanamizane. Kuno ndine maliro oyenda. Kuja bola, palibe wondidziwa dzina, ndiye palibenso wondiseka."

"Ukabwererako ukafa. Ukudziwa?"

"Ndikudziwa."

Mayiwo anakhala pansi pa sitepe. Mantha amene anawagwira anali omwe aja a tsiku limene Philomene sanabwere. "Msewu umenewo unadya mayi ako," anatero. "M'nyumba muno sudya kawiri. Ndipatse mpaka nsomba zikwere. Zikakwera anthu akadali kukuseka, ndidzakuperekeza ndekha pagalimoto, osati za chala zakozo."

Jolene anatula chikwama. Sanachimasule ayi. Chinakhala kuseri kwa chitseko chilimwe chonse.

Zimene anaganiza mayiwa, ambiri a ife tinali tisanazionepo. Makolo athu anali ndi phwando losambitsa munthu. Wina akagwa m'manyazi kapena m'ngozi anthu akuona, fuko lake linkaitana mafuko enawo, a kwa bambo ake n'kumupukuta nkhope pamaso pa onse, kenako eni phwando n'kugawa mphatso. Aliyense amene wadya ndi kulandira, pakamwa pake patsekedwa, nkhaniyo sadzaitchulanso mpaka kumanda. Boma linaletsa maphwando athu zaka zambiri, ansembe akale nawo ankati n'zachikunja, ndipo balhats itabwerera, losambitsali linatsalira m'mbuyo. Mayi Seraphine analiona kamodzi kokha ali kamwana.

Anayamba ndi bambo mfumu wa nthawi imeneyo, mnyamata wochokera kutali amene anali asanazolowere ngakhale kuzizira kwathu.

"Mayi, bwanji angobwera kudzalapa? Chifundo cha Mulungu n'chokwanira."

"Kulapa analapa kale, Bambo, ndipo Mulungu anamva. Komanso zambiri sanachite iye, anachita kumuchitira. Vuto ndi loti Mulungu sagula shuga kusitolo kwathu. Amagulako ndi Veronique."

Bambo mfumu anaseka mpaka misozi, kenako anafunsa ngati nawo angapezeredwe mpando.

Achule anzawo ndiwo anavuta. Chogawa chichokera kuti? Mayi Seraphine anatsegula mabokosi a kuchipinda. Munali zikopa, nsapato, magolovesi a mikanda, mabulangete, zonse zimene anasunga moyo wawo wonse kuti zidzagawidwe pa maliro awo, monga amachitira munthu aliyense wodzilemekeza. Mbale wawo wina wamwamuna anagwira mutu.

"Achemwali, mukamwalira tidzagawa chiyani? Mukufuna mafuko onse adzatiseke?"

"Wakufa sachita manyazi," anayankha. "Manyazi akupha wamoyo kunyumba kwanga kuja."

Chotsala chinali chovuta kuposa zonse. Wopukuta amayenera kukhala wa kwa bambo ake a mwanayo, ndipo mwa abale a Duncan wotsala anali mmodzi yekha. Mayi Seraphine anapemphera kolona njira yonse, n'kuwapeza mayi Veronique m'nyumba yowambira, akukonza mitengo yoyanikapo nsomba.

"Odi, alamu."

"Ee, lowani, woyera wa ku Sasbun. Mwatsika liti kumwamba?"

"Lero lomwe. Andituma kwa inu."

"Ndamva kale. Mukufuna ndikasambitse uja. Ine? Amayi anga anafa akumuitana dzina, iye ali kuti? Anabwera kudzaponya dothi?"

"Sanabwere. Ngakhale kwa Moise sanabwere. Zinandiwawa mmene zinakuwawirani."

"Ndiye?"

"Ndiye mwalankhula zaka zonsezi, alamu. Mtima wapola? Mwanayo ndi Chule, inde, koma nkhope ija ndi ya Duncan. Akapita kumphambano, mlongo wanu mudzamuoneranso pati?"

Mayi Veronique anatembenukira kukhoma. "Mukufuna kundisoka pakamwa inu."

"Ndine wosoka, alamu. Ndasokapo zikopa zolimba kuposa pamenepo."

"Tatulukani, mukunditchingira kuwala."

Sanalonjeze kanthu. Mayi Seraphine anabwerera mtima uli m'malere, ndipo sanamuuze Jolene mmene ayendera.

Nsomba zinakwera, tsiku linafika. Holo inadzaza, ena atabwera ndi mtima wabwino, ena kudzaonerera basi. Achule anayendetsa msuzi wa musi, nsomba ndi banoki, alendofe titakhala aliyense kumbali ya fuko lake. Jolene anaimikidwa pakati atavala diresi limene mayi ake anamusokera. Wandodo anagogoda pansi n'kuitana a kwa bambo ake a mwanayo. Zii. Anaitananso. Mpando wa mayi Veronique unalibe munthu. Jolene anayang'ana kuchitseko, ndipo tonse tinadziwa chimene ankaganiza. Mayi Seraphine, amene moyo wawo wonse sanakwezepo mawu muholo, anayamba Tikuoneni Maria m'chinenero chathu.

Asanafike pa Amen chitseko chinatseguka. Anali mayi Veronique, atafunda bulangete la fuko lawo, beseni lili m'manja, kachikopa koyera kali paphewa.

"Mukundiyang'anitsitsa chiyani? Ndimatenthetsa madzi. Mumafuna ndimusambitse ndi ozizira mwana wa mlongo wanga?"

Anamupukuta chipumi, masaya, manja onse awiri, pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda. Pofika pamphuno anaima. "Mayo ine, mphuno ya Duncan yeniyeni," anatero, n'kuyamba kulira mokweza, Jolene naye, holo yonse nayo. Abale, ine ndinalira osadziletsa. Mphatso zinagawidwa mpaka mabokosi anatsala opanda kanthu. Akulu a fuko lililonse anaimirira mmodzimmodzi kunena kuti, "Taona ndi maso athu. Tadya. Nkhaniyi yatha." Inenso ndinalandira magolovesi tsiku limenelo. Ndiye amene mwawerenga mpaka pano kudikira kuti ndikuuzeni zimene Jolene anaona ku Vancouver, pepani, mwalemba m'madzi.

Musaganize kuti zonse zinangoti myaa tsiku lomwelo. Panali masiku oipa, panali ndi miyezi imene Jolene anakakhala kuchipatala cha kutali kukalimbitsa thupi ndi mtima. Koma chikwama chija chinamasulidwa. Manja a mayi Seraphine atayamba kuuma ndi nyamakazi, Jolene ndiye ankapala zikopa, iwo akulangiza ali pampando. Loweruka masana atsikana ankadzaza pakhonde kuphunzira mikanda ndi chinenero, ndipo zimene sakanatha kuuza amayi awo ankauza Jolene, poti iye sankadzidzimuka ndi kanthu. Mbaula ya m'tchalitchi ndi kiyi wa galimoto zinapita m'manja mwake.

Komabe funso limodzi linatsala, ndipo ili phwando silinaletse, poti linali la m'tsogolo: mayiwa akadzatseka maso, Jolene adzakhala? Ambiri ankati akungokhalira iwo basi. Mayi Seraphine nawo funsoli linkawadya mumtima.

M'nyengo ya Lenti chaka chatha mtima wawo unayamba kutopa. Anakana kukagona kuchipatala cha kutauni. Atalandira mafuta oyera ndi Ukaristia, anaitanitsa akulu a Achule n'kuwauza kuti dzina la fuko limene iwo analandira kwa mayi awo, pamodzi ndi mpando wake muholo, lipite kwa Jolene. Mbale wamwamuna uja anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma chifukwa choti atchule chinali chitatsekedwa kale ndi phwando, ndiye anangotsokomola.

Atatsala awiriwiri, Jolene anagwada pambali pa bedi.

"Amayi, mukufuna ndilumbire kuti sindidzachoka?"

"Ayi, mwanawe. Chingwe n'cha galu. Iwe ndiwe mwini nyumba, ndipo mwini nyumba salumbira."

Anamwalira Lachisanu m'mawa, dzuwa likuwala pa chipale, amayi a m'kwaya atazungulira bedi. Mayi Veronique anayambitsa nyimbo ya Maria, ndipo odwalawo anatsegula diso limodzi. "Alamu, mwathamanganso." Awa ndiwo anali mawu awo otsiriza. Nyimbo isanathe anapuma mpweya womaliza mwakachetechete, kolona ili m'manja, nkhope ili ngwee.

Chaka chonse atsikana a pakhonde aja anasoka, ndipo pa phwando la mwala Achule sanachite manyazi. Kunabwera ndi alendo a midzi yakutali. Jolene akufunditsidwa bulangete la dzina, mlendo wina amene sanadye nafe phwando lija ananong'oneza mnzake kuti, "Kodi ameneyu si uja..." Tsoka lake, anali atakhala kumbuyo kwa mayi Veronique.

"Uja uti? Ndinamusambitsa ndi manja angawa. Imwani tiyi wanuyo, amayi, akuzizira."

Kenako Jolene analankhula koyamba ngati mwini dzina, m'chinenero chathu, akupunthwa apa ndi apo. "Kumzinda kuja kuli ana athu," anatero. "Ndikuwadziwa, ndikudziwa ndi makomo amene amagonapo. Ndipita kukawaona. Amayi awo, yambani kufufuta zikopa."

Masamba atayamba kuyoyoka ananyamukadi pagalimoto ya malemu. Ndinene zoona, tinachita mantha. Sabata inatha, ina inatha. Ena anayamba kupukusa mitu. Mayi Veronique ankayatsa kandulo pamaso pa Anna Woyera tsiku ndi tsiku, n'kumakalipira aliyense wowafunsa chifukwa chake. Lamulungu lina tikutuluka mu Misa, galimoto ija inatulukira, matope okhaokha. Jolene anatsika, anazungulira, n'kutsegula chitseko cha mbali inayo. Munali mtsikana wathu wina amene ambiri tinali titasiya kumutchula m'mapemphero a amoyo. Mayi ake anagwada m'matopemo ndi zovala za Misa zomwe.

Mayi Seraphine, usani mumtendere wa Ambuye amene munawatumikira, ndipo muzitipempherera otsalafe. Phwando losambitsa mwana wabwerayu likhala kuholo Loweruka loyamba la mwezi wa mawa. Azakhali ake avomera kale. Bwerani nonse ndi njala, koma mudziwiretu kuti mukadya mwatseka pakamwa.